Chipatala n'chaulere, nanga bwanji mayi akugula mankhwala a BP ndi shuga?

Funso lochokera kwa mayi wina wa kwa Ganya m'boma la Ntcheu: "Mayi anga ali ndi zaka 71, amadwala BP ndi shuga, ndipo akulera adzukulu atatu, ana a malemu mchemwali wanga. Akapita kuchipatala chathu chaching'ono nthawi zambiri amangowayeza n'kuwalembera m'buku kuti akagule mankhwala. Pa Mtukula Pakhomo dzina lawo silinatuluke, chonsecho ena okhala m'nyumba za malata akulandira. Kodi ulere umene boma limanenawu uli pati? Sizingakhale bwino kuti tizilipira kangachepe kuti mankhwala azipezeka?"

Mayi, pepani ndi matenda a mayi athuwo. Ndagwira ntchito yoona odwala m'zipatala zing'onozing'ono za ku Dedza ndi ku Ntcheu kwa zaka zambiri, ndipo mawu akuti "mankhwala amenewa atha, mukagule" ndawanenapo ndi pakamwa pangapa kwa agogo ngati iwowo. Ndi mawu olemera kuwanena kwa munthu amene ukumuona kuti ndalama alibe. Mwafunsa za chipatala ndi za Mtukula Pakhomo, koma ine ndikuona nkhani imodzi. Chipatala cha boma chili ndi mphamvu pa matenda a ana, pa uchembere ndi pa matenda opatsirana. Mtukula Pakhomo anakonzedwa kuti afikire mabanja ochepa okha pamudzi. Gogo wodwala matenda amgonagona amene akuleranso ana amasiye amagwera pakati pa ziwirizi, ndipo apo ndi pomwe dziko lathu lidakali lofooka zedi.

Mwafunsa kuti ulere uli pati. Tengani mabuku a kusikelo a adzukulu atatuwo muwatsegule. Katemera yense walembedwamoyo, wa TB, wa poliyo, wa chikuku, wa chibayo amene anayamba mu 2011, wa kutsegula m'mimba amene anayamba mu 2012, simunaperekepo ngakhale tambala. Ngati pali mtsikana, akafika zaka 9 ayenera kubayidwa katemera woteteza khansa ya khomo la chiberekero, amene boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019, nayenso waulere. Mwana akatentha thupi amamuyeza malungo pachala n'kumupatsa LA. Akanyentchera amalandira chiponde. M'midzi yotalikira chipatala muli alangizi a zaumoyo amene kuyambira mu 2008 amathandiza ana osapitirira zaka 5 pa malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba m'mudzi momwemo, matenda asanakule.

Phindu lake linawerengedwa. Kafukufuku wa boma wa mu 1992 anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka 5. Wa mu 2015 mpaka 2016 anapeza 63. Imfa za amayi pa uchembere zinali 984 pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo mu 2004, ndipo zinatsika kufika pa 439 pofika 2016, nthawi imene amayi 9 mwa 10 alionse anali atayamba kuchilira kuchipatala. Inu ndi ine tikukumbukira mmene maliro a Edzi ankatsatizanirana cha m'ma 2000, adzukulu a kumanda osapuma. Ma ARV aulere anayamba mu 2004. Mu 2011 Malawi linakhala dziko loyamba kuika mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachilombo pa mankhwala a moyo wake wonse, ndipo mayiko ena anadzatengera njirayi kwa ife. Munthu akandiuza kuti chipatala cha boma chilibe ntchito ndimamutsutsa, chifukwa m'mudzi mwanu momwemo muli anthu akulima lero amene tikanawaika zaka 20 zapitazo.

Nanga n'chifukwa chiyani ma ARV sasowasowa pomwe mankhwala a BP amatha? Zimatengera amene akugula. Kwa zaka zambiri ndalama zoposa theka mwa zonse zimene zimagwira ntchito ya zaumoyo m'dziko muno zakhala zikuchokera kunja, ndipo zimabwera zitalembedwa kale ntchito yake. Katemera amathandizidwa ndi bungwe la Gavi. Ma ARV, mankhwala a TB, LA, zoyezera malungo ndi maneti, zambiri zakhala zikugulidwa ndi thumba la Global Fund ndi boma la America. Katundu ameneyu ali ndi ndalama zakezake ndiponso anthu omuwerengera mwezi ndi mwezi. Mankhwala a mayi anuwo, monga HCTZ, amlodipine, metformin kapena insulin, pamodzi ndi amoxicillin, magolovesi ndi ulusi wosokera mabala, amadikira thumba la boma. Boma lililonse, Ntcheu kapena Dedza, lili ndi gawo lake la ndalama za mankhwala ndipo limaitanitsa ku nkhokwe ya Central Medical Stores Trust. Nkhokweyo imagula pafupifupi chilichonse kunja ndi madola. Boma likachedwa kuilipira, madola akasowa m'mabanki, kapena kwacha ikagwa monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chipatala chimaitanitsa mitundu yambiri n'kulandira yochepa. Chochepacho chikafika pa Boma chimagawidwanso m'zipatala zonse zing'onozing'ono, ndipo makatoni a chipatala chanu amatha mwezi usanathe.

Mu 2001 atsogoleri a mayiko a mu Africa analonjezana ku Abuja kuti azipereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Malawi zaka zambiri lakhala likulephera kufika pamenepo. Ndiye kuti ngakhale mbali imene ikuyenda bwinoyo tikulima ndi khasu lobwereka, mwini wake akhoza kulitenga m'mawa uliwonse. Tinaziona kumayambiriro kwa 2025 America itaimitsa mwadzidzidzi thandizo lambiri lodzera ku USAID: anthu ena ogwira ntchito m'zipatala anauzidwa kuti akhale kunyumba, ndipo ntchito zina za HIV zinagwedezeka.

Chimene chimandiwawa pa nkhani ya mayi anu n'chakuti matenda awowo si a anthu owerengeka. Kafukufuku amene unduna wa zaumoyo unachita ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Kale tinkati ndi matenda a olemera a m'tauni, pano tikuwapeza kwa agogo olima kachewere ku Tsangano ndi asodzi a ku Mtakataka. Mapiritsi a BP ndi ena mwa mankhwala otsika mtengo kwambiri padziko lonse. Kusamalira munthu mmodzi amene wafa ziwalo ndi sitiroko kumadya ndalama zokwana kugulira mapiritsi anthu ambirimbiri chaka chonse, osawerengera mwana wamkazi amene amasiya munda ndi geni yake kuti azimutembenuza pamphasa.

Mwina mumtima mukuti, nanga kuba? Kulipo. Mankhwala a boma amapezeka m'misika, m'magolosale ndi m'zipatala zina za anthu, ndipo unduna unakhazikitsa gulu lofufuza za umbava wa mankhwala mu 2016 chifukwa vuto linali litakula. Wakuba mankhwala ndi wakupha, ndipo sindimuikira kumbuyo ngakhale atakhala mnzanga wa pantchito. Komabe muyenera kudziwa kuti ngakhale piritsi limodzi likanapanda kubedwa, ndalama zimene boma limaika pa mankhwala sizikanakwana chaka chonse. Chimodzimodzi pa antchito. Pali zipatala zimene dokotala ndi mmodzi yekha, nthawi ya malungo amaona anthu oposa 100 pa tsiku, usiku n'kudzutsidwanso. Pomwepo anamwino ophunzira bwino akukhala pakhomo chifukwa boma lilibe ndalama zowalembera ntchito. Kutopa si chifukwa chokalipira wodwala, ndipo amene amatukwana agogo pamzere akulakwa. Koma dokotala wa mphindi ziwiri pa munthu sangafotokozere mayi anu bwino za kadyedwe, sangawaone mapazi, sangawafunse ngati akuona bwino, pomwe shuga amafuna zonsezo.

Pali mtengo wina umene mawu akuti ulere amaubisa. Boma la Ntcheu pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu pafupifupi 660,000, la Dedza oposa 830,000, ndipo lililonse lili ndi chipatala chachikulu cha boma chimodzi. Onjezanipo abale athu a ku Mozambique, chifukwa kuyambira ku Dedza kudutsa Lizulu mpaka Biriwiri msewu wa M1 ukuyenda m'malire enieni, ndipo wodwala wochokera tsidya linalo sabwezedwa, ngakhale bajeti inawerengera a mbali ino okha. Munthu wa kuchigwa cha Bwanje kapena wa ku Golomoti kuti akafike pa Boma ayenera kukwera mapiri. Amalipira kabaza kupita ndi kubwera, amatenga gadiyani, ufa, ndiwo, nkhuni, ndipo munda umatsala wopanda munthu. Ambulansi ikakhala yopanda mafuta achibale amasonkherana. Akamutumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, zonsezi zimachulukirachulukira. Mabanja ambiri amene ndawaona akugulitsa mbuzi chifukwa cha matenda sanalipire dokotala ngakhale kwacha imodzi. Ndalama zinathera panjira ndi pa chakudya.

Kwina chipatala chapafupi ndi cha mishoni, monga Mua ku Dedza kapena Nsipe ndi Mlanda ku Ntcheu. Zipatala za pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi. Boma limalipira malipiro a antchito ake ambiri, koma mankhwala ndi zina amagula okha, n'chifukwa chake amalipiritsa. Kuyambira mu 2006 boma limasainirana mgwirizano ndi zina mwa zipatalazi kuti amayi oyembekezera ndi makanda, kwina ndi ana aang'ono, azithandizidwa ulere boma n'kubweza ndalamazo. BP ndi shuga za gogo nthawi zambiri sizikhala mu mgwirizanowu. Apanso mayi anu atsala panja.

Tsopano funso lanu lenileni, loti tizilipira kangachepe. Ndikumvetsa chimene mukunenera, chifukwa mukulipira kale kufamase, ndipo mukuganiza kuti bola kulipira kuchipatala n'kutenga mankhwala pomwepo. Koma ine ndikukana. Ku Neno, oyandikana nafe, zipatala zina za mishoni zitayamba kulipiritsa, ofufuza anapeza kuti odwala obwera anatsika ndi kuposa theka, ndipo kumene malipiro anachotsedwa anthu anabwera mwaunyinji. Sikuti anthu aja anachira. Anakhala pakhomo, ena anagula panado pagolosale, ena anapita kwa sing'anga, n'kudzafika kuchipatala atatheratu. Inuyo mukhoza kupeza kangachepeko chifukwa mayi anu ali ndi mwana wowaganizira. Gogo wa nyumba yotsatira amene alibe aliyense sadzabweranso. Komanso ndalama zimene anthu akumudzi angathe kupereka n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo weniweni woyendetsera chipatala, ndipo ndi makwacha, pomwe chimene chikusowa kunkhokwe ndi madola. Ena amati osaukitsitsa azikhululukidwa. Funsani kuti adzasankha ndani, ndipo yang'anani mmene kusankha kwavutira pa Mtukula Pakhomo pomwepa.

Chimene ndimavomereza n'chakuti amene ali nazo azilipira. Zipatala zikuluzikulu zili ndi mawodi olipira, ndipo anthu a pantchito amene ali pa MASM ndi mabungwe ena otere a inshuwalansi ya zachipatala sayenera kudya nawo mankhwala a gogo wa kwa Ganya kwaulere pomwe kampani yawo ikanatha kulipira. Ndalama imeneyo ikasungidwa pachipatala pomwepo n'kuwerengedwa poyera, ithandiza. Koma khomo la chipatala chaching'ono cha kumudzi likhale lotsegula.

Tibwere kwa Mtukula Pakhomo. Ndondomekoyi inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo pofika 2018 inali itafika m'maboma onse 28. Kwa zaka zambiri lamulo lakhala lakuti banja lolowa likhale ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi: likhale losaukitsitsa, komanso lisakhale ndi munthu wamphamvu wa zaka 19 mpaka 64 wotha kugwira ntchito, kapena ngati alipo, akhale kuti akusamalira anthu oposa atatu yekha. Ndalama zimatengera kukula kwa banja, ndipo pamakhala kowonjezera pa mwana aliyense wa kupulayimale ndi kusekondale. Malinga ndi zimene mwalemba, khomo la gogo wa zaka 71 ndi ana atatu likuyenera pa mfundo yachiwiriyo mosakayikitsa. Ndiye chalakwika n'chiyani?

Choyamba chimene ndikufuna mufufuze ndi mmene analembedwera. Alembi a kaundula wa boma wa mabanja, uja amati UBR, amawerenga banja potengera anthu odyera mphika umodzi. Ngati tsiku la kalembera mayi anu anawerengedwa pakhomo panu, pomwe inu ndi bambo a kunyumba muli ndi mphamvu, ndiye kuti pakompyuta akuoneka ngati ali ndi owasamalira. Kuno kwathu kumene ana aakazi amamanga pafupi ndi mayi awo izi zimachitika kawirikawiri. Mwinanso tsiku limenelo anali kuchipatala kapena kumaliro, osalembedwa n'komwe. Mwinanso analembedwa mchemwali wanu adakali moyo, ndipo kaundula sakudziwa kuti pakhomopo pagwa zotani.

Chachiwiri ndi malire amene ndondomekoyi inaikidwa. Kwa zaka zambiri lamulo lake lakhala lotenga mabanja pafupifupi 10 mwa 100 alionse. Chonsecho kafukufuku wa National Statistical Office wa mu 2019 mpaka 2020 anapeza kuti theka la Amalawi ndi osauka, ndipo mmodzi mwa asanu alionse ndi wosaukitsitsa, wosatha kupeza ngakhale chakudya chokwanira. Mayina a oyenera amasanjidwa potengera mayankho a mafunso monga denga, pansi pa nyumba, ziweto ndi katundu, kenako mzere umadulidwa. Banja lotsiriza kulowa ndi loyamba kutsala sasiyana kanthu mukawaona ndi maso. Apa ndi pomwe pamabadwira chidani m'midzi.

Za nyumba za malatazo, musafulumire. Pali agogo amene malata anawafolerera mwana wawo wa ku Joni amene anamwalira kalekale, mkati mulibe ngakhale ndowa ya chimanga. Pali ena amene anagula malata pang'onopang'ono ndi ndalama za Mtukula Pakhomo zomwezo, atalowa ali m'nyumba yaudzu, ndipo pamenepo ndondomeko yagwira ntchito yake. Koma aliponso amene analowa chifukwa ndi abale a amfumu kapena a wa mukomiti. Zitatu zonsezi ndaziona, ndipo chachitatuchi chimakula pomwe anthu sabwera kumsonkhano wotsimikizira mayina, kapena abwera koma akuopa kuyankhula pamaso pa agulupu.

Ubwino wa ndondomekoyi ndi woona. Ofufuza a ku Chancellor College ndi anzawo a ku America atatsatira mabanja a ku Salima ndi ku Mangochi pakati pa 2013 ndi 2015 anapeza kuti olandira ankadya kangapo pa tsiku kuposa anzawo, ana ankakhala pasukulu, ndipo mabanja ankagula nkhuku ndi mbuzi. Nkhani yoti ndalamazi zimathera ku kachasu siinatsimikizike. Ifenso kuchipatala timaona kuti gogo wolandira amatha kulipira kabaza n'kubwera pa tsiku lake. Kufooka kwake n'kwakuti ndalama n'zochepa ndipo mitengo ya zinthu imathamanga kuzisiya m'mbuyo. M'miyezi ya njala ya zaka zapitazi, ndalama ya mwezi ya banja siinkakwana thumba limodzi la chimanga. Nthawi zina zimachedwa. Ndipo nazonso zadalira kwambiri akunja: World Bank, Germany, European Union, ndi Ireland imene kwa zaka zambiri yathandiza ku Ntcheu ndi ku Balaka, pomwe boma lathu lakhala likulipirira boma limodzi lokha la Thyolo.

Mukayang'ana thandizo lina lonse, mupeza kuti mayi anu sakwanamo bwino. Ntchito za Mbwezera Chilengedwe zimafuna munthu wotha kukumba migula ndi kudzala mitengo. Fetereza wotsika mtengo amafuna ndalama yoombolera ndi mphamvu zolimira. Chimanga cha boma cha nthawi ya njala chimabwera miyezi yowerengeka. Penshoni ya lamulo, imene bwana amaika 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti, ndi ya anthu olembedwa ntchito, osati mayi amene walima ndi kulera ana moyo wake wonse. Ine maganizo anga ndi akuti dziko lino liyenera kupereka kandalama ka mwezi ndi mwezi kwa nkhalamba iliyonse yofika msinkhu woikika. Dziko la Lesotho lakhala likutero kwa anthu a zaka 70 kupita m'tsogolo kuyambira mu 2004. Zaka za munthu zili pa chiphaso cha unzika, safunika komiti yoti ikayang'ane denga lake, ndipo ndalama ya gogo imadyedwa ndi adzukulu.

Pali chinthu chimodzi chimene chimalumikiza njala ndi mankhwala, ndipo ndikupemphani muchigwire. Gogo wolera ana akaona kuti nsima yachepa, amapatsa ana iye n'kugona ndi njala osauza munthu. Ngati akumwa glibenclamide kapena kubaya insulin, kumwa mankhwala osadya kukhoza kutsitsa shuga mpaka kukomoka. Zizindikiro zake ndi thukuta lozizira, kunjenjemera, chizungulire, kuyankhula zosamveka ngati woledzera. Zikatero, ngati akutha kumeza, sungunulani masipuni atatu a shuga m'kapu ya madzi amwe, kenako adye, ndipo mupite nawo kuchipatala. Ngati akomoka musawathire kanthu m'kamwa, thamangani nawo. Mdzukulu wamkulu aphunzitsidwe zimenezi. Ndipo muwauze adokotala mosabisa kuti pakhomo chakudya chimavuta, chifukwa zimasintha mtundu ndi mlingo wa mankhwala oyenera munthu wa zaka 71.

BP nayo ili ndi msampha wake. Siipweteka, ndiye mankhwala akatha munthu amati ndili bwino, n'kukhala miyezi iwiri osamwa. Kumwa modukizadukiza kumasiya mitsempha, impso ndi mtima zikuwonongeka mwakachetechete. Ngati ndalama zavuta, musasankhe nokha mankhwala oti musiye, funsani adokotala kuti ofunika koposa ndi ati. Mchere uchepe, soda wa mu therere ndi m'masamba naye achepe. Mapazi aziwayang'ana tsiku lililonse, asayende opanda nsapato kumunda, ndipo kabala kalikonse kapite kuchipatala msanga. Pakamwa pakapotoka, mkono kapena mwendo ukafooka mwadzidzidzi, mawu akayamba kulemera, musadikire kuti kuche.

Yesetsani kuti kamodzi kokha mupite nawo kuchipatala chachikulu pa Boma. Kumeneko kumakhala kiliniki ya BP ndi shuga pa masiku ake, ndipo mankhwalawa amapezekako kawirikawiri kuposa kuchipatala chaching'ono. Funsani tsiku lake kwa mlangizi wa zaumoyo wa kwanu musananyamuke, kuti musataye thiransipoti. Akalembedwe m'kaundula wa kilinikiyo, ayezedwe impso ndi maso ngati zida zilipo, ndipo mupemphe kuti ngati BP ndi shuga zakhazikika awapatse mankhwala a miyezi ingapo. Akakulemberani kuti mukagule, pemphani alembe dzina lenileni la mankhwala ndi mlingo wake momveka bwino, ndipo mukagule kufamase yovomerezeka, osati pamsika pomwe mapiritsi amakhala padzuwa ndipo ena ndi otha ntchito. Funsani mitengo m'mafamase awiri, imasiyana. Buku lawo la kuchipatala likhale limodzi lomwelo, lisamasinthidwesinthidwe. Mukafuna uphungu muli pakhomo, imbani Chipatala cha pa Foni, n'kwaulere; nambala yake funsani kwa mlangizi wa zaumoyo wa kwanu.

Chipatala chilichonse cha boma chili ndi komiti ya anthu a m'dera, ndipo ina mwa ntchito zake ndi kukhalapo mankhwala akamatsitsidwa m'galimoto ndi kusainira. Dziwani amene akuimira dera lanu, mumufunse kuti mankhwala a BP anabwera liti komaliza ndipo anali ochuluka bwanji. Funso lotere likamafunsidwa mwezi ndi mwezi, amene ali ndi dzanja lalitali amachita mantha, ndipo amene ali wokhulupirika amapeza pomuikira umboni kwa akuluakulu a zaumoyo pa Boma. Kuyambira mu 2018 m'zipatala mulinso olandira madandaulo, aja amati ombudsman wa pachipatala. Munthu akakuuzani kuti mulipire mankhwala a boma, kapena akanyoza mayi anu, kadandauleni kumeneko, simudzalandidwa chithandizo chifukwa chodandaula.

Pa Mtukula Pakhomo, yambirani kwa a komiti ya m'mudzi yoona za ndondomekoyi, ndipo mukapanda kukhutira pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku khonsolo ya Ntcheu. Sindikukulonjezani kuti alowa mawa, chifukwa mayina atsopano amalowa makamaka pa nthawi yosankhanso kapena malo akapezeka. Chimene mukupita kukachita n'kuonetsetsa kuti khomo lawo lili m'kaundula palokha, ndi anthu anayi amene alipodi, kuti kusankha kukadzabwera asadzaphonyedwenso, komanso kuti dandaulo lanu lilembedwe. Tengani chiphaso chawo cha unzika, buku la kuchipatala losonyeza BP ndi shuga, kalata ya amfumu yotsimikiza kuti anawo ndi amasiye ndipo akukhala ndi agogo awo, ndi mayina a sukulu ndi makalasi a ana onse atatu. Ofesi yomweyo ndi imene imaona za ana amasiye, choncho funsaninso za wogwira ntchito yoteteza ana wa m'dera la kwa Ganya kuti adzawayendere pakhomo.